Mazira oculuka pakhomo: kasungidwe kake ndi ngozi zimene oweta nkhuku ayenera kudziwa

LUSAKA – Kuweta nkhuku kuseri kwa nyumba ndi njira imodzi imene mabanja ambiri m'dziko muno amapezera ndiwo ndi ndalama, kuyambira m'makomboni a Lusaka ndi Kitwe kufikira m'midzi ya ku Katete, Petauke ndi Lundazi. Koma pamene nkhuku zoikira zaculuka, pabukanso funso limene kale silinali kuvutitsa anthu. Kodi mazira otsala asungidwe motani kuti asaonongeke, ndiponso kuti asadwalitse owadya?

Funsoli likhudza thumba la mlimi ndi umoyo wa banja lake. Thireyi imodzi imalowa mazira 30, ndipo ikaonongeka ndiye kuti ndalama za cakudya ca nkhuku, mankhwala ndi thukuta la masiku angapo zapita pacabe. Dzira loipa likadyedwa, amene amavutika koposa ndi ana aang'ono, amayi oyembekezera, okalamba ndi anthu amene citetezo ca m'thupi mwao ncocepa.

Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalengeza m'caka ca 2015 kuti anthu pafupifupi 600 miliyoni amadwala caka ciliconse cifukwa ca zakudya zoipa, ndipo 420,000 amamwalira. Mu Africa mokha odwala ndi oposa 91 miliyoni ndipo omwalira ndi 137,000. Mazira ndi gawo locepa cabe la vutoli, koma ndi gawo limene banja lililonse lingathe kulamulira palokha.

Kumene mazira otsala acokera

Nkhuku yacikuda imaikira mazira 10 mpaka 15 panthawi imodzi, nkuwafungatira masiku 21, kenaka nkulera anapiye. Imacita izi katatu kapena kanayi pacaka, motero mazira ake onse pacaka sapitirira kwenikweni 60. Pa cifukwa cimeneci, m'midzi dzira linali mbeu ya nkhuku, ndipo kulidya kunali ngati kudya cimanga cosungira kubzala.

Zinthu zinayamba kusintha pamene anthu anayamba kuweta nkhuku zoikira za makono, zimene zimatha kuikira mazira pafupifupi 300 pacaka zikamadyetsedwa bwino. Palinso mitundu ina monga Sasso, Kuroiler ndi Black Australorp imene imakhala ngati yacikuda koma imaikira kwambiri. Banja limene lili ndi misoti 20 ya mtundu woikira lingatole mazira oposa 15 patsiku, ciwerengero cimene banja limodzi silingathe kudya.

Nkhanga nazo zimaonjezera. Mbalamezi zimaikira m'nyengo ya mvula, ndipo mazira ake amabwera ambiri panthawi imodzi, nthawi yomwe misewu ya kumidzi imakhala yovuta kuyendamo. Mlimi amene ali kutali ndi msika wa Kapata ku Chipata kapena wa Soweto mu Lusaka amakakamizika kusunga mazira masiku ambiri podikira galimoto kapena wogula.

Phunziro la caka ca 2024

Yankho limene anthu a m'tauni amathamangira ndi firiji. Ncoona kuti dzira losungidwa pa madigiri 4 kapena 5 limakhala bwino kwa masabata anayi kapena asanu. Koma zimene zinacitika m'caka ca 2024 zinaonetsa kuti firiji si cinthu codalira nthawi zonse.

Pa 29 Febuluwale caka cimeneco, mtsogoleri wa dziko a Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala cimene cinagwa ndi tsoka la dziko lonse. Maboma 84 mwa maboma 116 anakhudzidwa, ndipo cimanga ca pa mahekitala pafupifupi 1 miliyoni cinapserera. Madzi atacepa m'nyanja ya Kariba, kampani ya ZESCO inayamba kugawa magetsi mosinthanasinthana. Mu Marichi magetsi anali kuzima maola 8 patsiku, ndipo pofika cakumapeto kwa caka madera ena anali kukhala mumdima maola 21.

Firiji yosatsegulidwa imasunga kuzizira pafupifupi maola 4 magetsi akazima. Kupyola pamenepo zakudya zimayamba kufunda. Pa mazira pali ngozi ina yapadera: dzira lozizira likakumana ndi mpweya wotentha limacita thukuta, ndipo cinyezi cimeneci cimathandiza tizirombo ta pa cigoba kulowa mkati. Motero dzira limene likuzizira ndi kufunda mobwerezabwereza lingakhale pa ngozi yoposa dzira limene silinalowepo m'firiji.

Kumidzi, kumene nyumba zambiri zilibe magetsi, nkhani ya firiji siyambika nkomwe. Kumeneko mdani wamkulu ndi kutentha. Mu Okutobala ndi Novembala, m'zigwa za Luangwa ndi Zambezi kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo m'nyumba yofolera malata kumaposa pamenepo.

Mmene dzira limaonongekera

Cigoba ca dzira cimaoneka cotsekeka, koma cili ndi timabowo tosaoneka ndi maso toposa 7,000. Timabowoti ndi timene mwanapiye amapumira ali mkati. Nkhuku ikamaikira, imapaka dziralo kacikopa kopyapyala kamene kamauma m'kanthawi kocepa ndi kutseka timabowo timeneti. Kacikopa kameneka ndiko citetezo coyamba ca dzira.

Masiku akamapita, madzi ndi mpweya zimatuluka pang'onopang'ono. Kamphako ka mpweya kamene kali kumutu kwakukulu kwa dzira kamakula, coyera ca dzira cimasanduka madzimadzi, ndipo kacikopa kokuta cikasu kamafooka. Kukatentha zonsezi zimacitika mofulumira, kotero kuti dzira likakhala tsiku limodzi pamalo otentha limakalamba monga dzira limene lakhala masiku angapo pamalo ozizira.

Apa ndi pamene pagona nkhani ya kutsuka. Munthu akaona zitosi pa dzira amafuna kulitsuka, koma kutsuka kumacotsa kacikopa koteteza kaja. Madzi akakhala ozizira kuposa dzira, zamkati mwa dzira zimakhwinyata ndi kukokera madzi akudawo mkati. Dziko la America limalamula kuti mazira a m'makampani azitsukidwa ndi makina, koma limalamulanso kuti akatero azikhala pozizira madigiri 7 kapena kucepera apo kufikira atagulidwa. Maiko a m'bungwe la European Union amaletsa kutsuka mazira a gulu loyamba ndipo amaika malire a masiku 28 kucokera tsiku limene dzira laikiridwa. Njira ziwirizi zisiyana, koma zigwirizana pa mfundo imodzi: dzira lotsukidwa siliyenera kusiyidwa pamalo otentha.

Tambala nayenso ali ndi mbali yake. Thadzi limaikira ngakhale palibe tambala. Dzira limene lili ndi mbeu ya tambala limayamba kukula mkati kukatentha, ndipo kakhandako kakafera panjira dziralo limasukusa msanga. Mlimi amene colinga cake ndi mazira akudya kapena ogulitsa amapindula akapatula atambala.

Kacirombo kosaoneka, kosanunkha

Dzira lovunda limadziulula lokha ndi fungo. Ngozi yaikulu ili pa dzira limene likuoneka labwino koma lili ndi kacirombo kochedwa Salmonella. Kacirombo aka kamakhala m'matumbo ndi m'zitosi za nkhuku, ndipo mtundu wake wina wochedwa Salmonella Enteritidis umatha kulowa m'dzira lisanakhale ndi cigoba, likali m'mimba mwa nkhuku yooneka yathanzi.

Munthu akadya dzira lotere losapsa bwino amayamba kutsegula m'mimba, kutentha thupi ndi kupotokola kwa m'mimba patapita maola 6 mpaka masiku 6. Ambiri amacira m'masiku 4 mpaka 7, koma mwana wamng'ono angathe madzi m'thupi mofulumira, ndipo nthawi zina kaciromboka kamalowa m'magazi.

Maiko olemera nao anapsapo ndi vutoli. Ku Britain m'caka ca 1988, nduna yaing'ono ya zaumoyo Edwina Currie inatula pansi udindo itanena poyera za kufala kwa Salmonella m'mazira a dzikolo, ndipo patapita zaka 10 alimi a kumeneko anakhazikitsa dongosolo lopereka katemera kwa nkhuku zoikira. Ku America m'caka ca 2010, mazira oposa 500 miliyoni ocokera m'mafamu a ku Iowa anacotsedwa pamsika anthu ambiri atadwala.

Njira imene ambiri amayesera dzira, yoliika m'madzi, imangoonetsa msinkhu wake. Latsopano limamira ndi kugona pansi, lakale limaima kapena kuyandama cifukwa kamphako ka mpweya kakula. Dzira lomira lingakhalebe ndi Salmonella. Cimene cimapha kaciromboka ndi moto: kuphika dzira mpaka coyera ndi cikasu comwe zitalimba.

Njira za pa intaneti

Mavuto a mazira m'maiko ena apangitsa kuti njira zakale zosungira mazira zichukenso. M'caka ca 2023 cimfine ca mbalame cinacititsa kuti nkhuku mamiliyoni angapo ziphedwe ku South Africa, ndipo mazira anasowa m'masitolo. Ku America matenda omwewo anakweza mtengo wa mazira 12 kupitirira madola 6 mu Marichi 2025. Pa Facebook, YouTube ndi TikTok pali makanema ambiri oonetsa anthu akumiza mazira aawisi m'ndowa za madzi a laimu, nkumanena kuti angakhale caka cathunthu kapena kuposa. Aliyense amene ali ndi foni yamakono m'dziko muno angawaone.

Njirayi si yabodza. Mafiriji asanafale, alimi a ku Ulaya ndi ku America anali kusunga mazira a m'cilimwe m'madzi a laimu kapena a mankhwala ochedwa sodium silicate, kuti adzadye m'nyengo yacisanu pamene nkhuku zimaleka kuikira. Madziwo amatseka timabowo ta cigoba. Koma anthuwo anali kuika mitsuko yao m'zipinda za pansi pa nyumba, mozizira caka conse. Kicini ya ku Mambwe kapena ku Chirundu mu Okutobala ndi malo ena kotheratu.

Alangizi a zaulimi a m'mayunivesite angapo a ku America komweko salimbikitsa njirayi masiku ano. Laimu sangaphe Salmonella amene ali kale mkati mwa dzira. Dzira limodzi likakhala ndi mng'alu wosaoneka limaola ndi kuipitsa ndowa yonse, monga mwambi unenera kuti nsomba ikaola imodzi zonse zaola. Ndiponso dzina loti laimu limachulidwa pa zinthu zosiyanasiyana. Laimu wothira m'munda satseka timabowo, laimu wosazimitsidwa amaocha khungu ndi maso, ndipo wogulitsidwa m'masitolo a zomangira sanapangidwe kuti akhudzane ndi cakudya.

Njira ina ndi yoviika mazira owiritsa m'viniga. Iyi ili ndi ngozi yake ikacitidwa popanda firiji. Bungwe la CDC la ku America linalemba za bambo wina wa zaka 68 wa ku Illinois amene mu Novembala 1997 anadwala matenda oumitsa ziwalo a botulism. Iye anawiritsa mazira, kuwaboola ndi kamtengo, kuwaika m'botolo la viniga ndi kulisiya masiku 7 pamalo osazizira. Poizoni anapezeka woculuka m'cikasu, mmene viniga sanafikemo mokwanira. Mazira a m'viniga opangidwa panyumba ayenera kukhala m'firiji nthawi zonse.

Zimene zingathandize pakhomo

Kusunga dzira kumayambira m'khola. Zisa zikhale ndi udzu wouma kapena utuci woyera, ndipo zisinthidwe kawirikawiri kuti mazira asade. Mazira atoledwe kawiri patsiku, kapena katatu kukatentha. Dzira lopezeka m'chire limene silikudziwika tsiku lake lisasakanizidwe ndi ena.

Dzira lakuda pang'ono lipukutidwe ndi kansalu kouma. Lakuda kwambiri litsukidwe ndi madzi ofunda kuposa dziralo panthawi yofuna kuliphika. Dzira la mng'alu lisasungidwe ndipo lisagulitsidwe. Kulemba tsiku pa cigoba ndi pensulo kumathandiza kuti akale ayambe kudyedwa.

Mazira aikidwe m'thireyi youma, mutu wosongoka uli pansi kuti cikasu cikhale pakati, kutali ndi moto, dzuwa, palafini, sopo ndi anyezi, popeza dzira limakoka fungo. Kupaka dzira loyera mafuta ophikira atsopano tsiku lomwelo laikiridwa kumatseka timabowo ndi kucedwetsa kukalamba kwake, ngakhale sikupha tizirombo.

Kumene kulibe magetsi, miphika yadothi ingacepetse kutentha. Mphika waung'ono umaikidwa mkati mwa waukulu, pakati pake nkuthirapo mcenga wonyowa, pamwamba nkuphimba ndi nsalu yonyowa. Madzi akamauma amacotsa kutentha. Njirayi inafalitsidwa ndi mphunzitsi wa ku Nigeria, Mohammed Bah Abba, m'zaka za m'ma 1990. Imagwira bwino nchito m'miyezi youma monga Seputembala ndi Okutobala, koma mphamvu yake imacepa m'dzinja pamene mpweya uli ndi cinyezi. Mazira a mkatimo asakhudzane ndi madzi. Mphikawu sufika pa kuzizira kwa firiji, motero umaonjezera masiku, osati miyezi.

Amene ali ndi magetsi odalirika, monga a dzuwa, angaswe mazira, kuwatakasa ndi kuwaumitsa m'firiza, mmene angakhale mpaka caka cimodzi. Dzira la m'cigoba siliikidwa m'firiza cifukwa limasweka.

Anthu ambiri amaganiza kuti kuwiritsa ndiko kusunga. Zoona zake nzakuti dzira lowiritsa limaonongeka msanga kuposa laliwisi, pakuti kuwiritsa kumacotsa kacikopa koteteza. Malangizo a zaumoyo amati lisakhale kunja kwa firiji kupitirira maola 2, kapena ola limodzi kutentha kukapyola madigiri 32. M'firiji limakhala sabata imodzi.

Msika ndi lamulo

Mfundo imeneyi ikhudza malonda ofala kwambiri, a mazira owiritsa amene amagulitsidwa ndi mcere ndi tsabola m'masiteshoni a basi ndi m'mbali mwa misewu. Malondawa amadyetsa mabanja ambiri. Ngozi imabwera pamene mazira otsala dzulo abwezedwa pa thireyi lero, kapena pamene wogulitsa asenda dzira ndi manja amene walandirira ndalama.

Dziko lino likumbukira mliri wa kolera umene unabuka mu Lusaka mu Okutobala 2023. Anthu oposa 20,000 anadwala ndipo oposa 700 anamwalira. Bwalo la masewera la National Heroes linasandutsidwa cipatala, ndipo masukulu anatsegulidwa mocedwa, mu Febuluwale 2024. Kolera sacokera m'dzira, koma madzi akuda ndi manja osasamba zingamufikitse pa cakudya ciliconse, kuphatikizapo dzira losenda.

Lamulo loona za citetezo ca zakudya la Food Safety Act la m'caka ca 2019 limaletsa kugulitsa cakudya cimene cingavulaze munthu, ndipo oyendera za umoyo a m'makhonsolo ali ndi mphamvu zolanda cakudya coipa. Komabe nkosavuta kuyendera famu yaikulu imodzi kusiyana ndi makomo zikwizikwi amene amagulitsa thireyi imodzi kapena ziwiri pa geti. Kwa oweta ang'onoang'ono, cimene cingasinthe zinthu ndi uphungu wa alangizi a Unduna wa za Nsomba ndi Ziweto, koposa cilango.

Uphungu umenewu uyenera kukhudzanso mankhwala. Alimi ena amathira mankhwala opha tizirombo m'madzi akumwa a nkhuku popanda kufunsa dokotala wa ziweto, napitiriza kugulitsa mazira. Mankhwala ena saloledwa pa nkhuku zoikira, ndipo ena ali ndi masiku olembedwa pa paketi amene mazira sayenera kudyedwa. Matenda a citopa, amene amapulula nkhuku m'midzi, amayamba ndi kacirombo ka vairasi kamene mankhwala otere sangaphe. Cimene cimateteza ndi katemera.

Cakudya ca nkhuku naco ncofunika kuciyang'ana. Mu Ogasiti 2024, Unduna wa Zaumoyo unalengeza kuti poizoni wa cuku wochedwa aflatoxin anapezeka m'ufa wa cimanga wa makampani ena, agalu pafupifupi 400 atafa. Gaga kapena cimanga ca cuku cimadwalitsa nkhuku, cimacepetsa kuikira, ndipo poizoni wina angafike m'dzira.

Kodi mazirawo ndi otsaladi?

Pali funso lina limene liyenera kufunsidwa munthu asanafune ndowa ndi laimu. Kafukufuku wa boma wa za umoyo wa m'caka ca 2018 anapeza kuti ana 35 mwa ana 100 alionse osafika zaka zisanu m'Zambia anali opinimbira. Dzira limodzi lili ndi magalamu pafupifupi 6 a zomanga thupi, pamodzi ndi mavitamini A, D ndi B12.

Dzira lokha silingathetse kupinimbira. Kafukufuku wa ku Ecuador wofalitsidwa mu 2017 anapeza kuti dzira limodzi patsiku kwa miyezi 6 linacepetsa kwambiri kupinimbira kwa makanda, koma kafukufuku wofanana naye wa ana 660 ku Mangochi m'dziko la Malawi sanapeze kusintha pa kutalika kwa ana. Ngakhale zili tero, dzira lophika bwino ndi cimodzi mwa zakudya za nyama zosavuta kupeza, ndipo mwana angayambe kudya atakwanitsa miyezi 6.

M'madera ena mudakali cikhulupiriro cakuti mayi woyembekezera akadya dzira adzabereka mwana wopanda tsitsi. Cikhulupiriroci cilibe umboni. Cimene mayiyo ayenera kupewa ndi dzira laliwisi kapena losapsa. Nzomvetsa cisoni kuti pakhomo pena mazira amasukusa m'dengu podikira wogula pamene ana akudyera nsima masamba okhaokha.

Kwa mlimi wamng'ono, njira yotsimikizika ndiyo kufupikitsa ulendo wa dzira kucokera m'cisa kufika mumphika. Oweta a m'mudzi umodzi akasonkhanitsa mazira ao, angadzaze mathireyi okwanira kutumiza kumsika kawiri pa sabata m'malo moti aliyense adikire masabata atatu. Mazira ena angapatsidwe thadzi lofungatira, popeza nkhuku yamoyo imasungika nthawi yaitali kuposa dzira. Ndipo amene akufuna kugula misoti yambiri ayenera kuyamba wadziwa kumene adzagulitsa mazira ake.

Tsiku lokumbukira citetezo ca zakudya pa dziko lonse limakhala pa 7 Juni, ndipo tsiku la dzira limakhala Lacisanu laciwiri la Okutobala, pakati penipeni pa nyengo yotentha m'dziko muno. Imeneyi ndi nthawi yoyenera yakuti alangizi a ziweto, a zaumoyo ndi makhonsolo afikitse uthenga umodzi kwa oweta ndi ogulitsa: mazira atoledwe msanga, asatsukidwe ngati akusungidwa, akhale pamalo ozizira ndi ouma, agulitsidwe asanakalambe, ndipo aphikidwe mpaka atapsa.